Kumanga mpanda wa dziwe losambiramo ku South Africa motsatira malamulo

Amalawi ambiri omwe ali ku Joni, Pretoria, Durban ndi Cape Town amakhala kapena kugwira ntchito pamakomo omwe ali ndi dziwe losambiramo. Ena ndi amisiri owotcherera zitsulo omwe amapatsidwa ntchito yomanga mpanda, ena amasamalira pakhomo ndipo abwana amangowauza kuti aone zoti achite ndi geti lomwe lasiya kutseka, pomwe ena anagula kapena akuchita lendi nyumba yomwe anaipeza ili kale ndi dziwe. Onsewa amalakwitsa pamalo amodzimodzi. Mpanda umaoneka wolimba ndiponso wokongola, koma mwana wazaka ziwiri amadutsa pansi pake, amakwera pa mphika wa maluwa womwe uli pambali, kapena amangokankha geti lomwe silinadzitseke. Malangizo otsatirawa ndi a mpanda wazitsulo wa mapanelo ogula kapena owotcherera nokha, ngakhale kuti miyezo yake imagwiranso ntchito pa mpanda wa matabwa ndi wa njerwa.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

Zida: tepi yoyezera ya mamita 5 kapena kuposerapo, levulo, chingwe cha omanga ndi zikhomo, piki, fosholo, wilibala, drili yokhala ndi mano oboolera chitsulo ndi konkire, masipanala, ndiponso kathabwa komwe mwadula kukhala masentimita 10 ndendende m'litali mwake. Kathabwa kameneka ndiko chida chomwe mudzachigwiritse ntchito kwambiri kuposa zonse.

Zipangizo: mapanelo azitsulo zoimirira otalika mamita 1.2 kapena kuposerapo, mizati yokhala ndi zotseka pamwamba kuti madzi amvula asalowemo, geti, mahinjesi a sipuling'i omwe amabweza geti okha, loko yodzikola yokha yomwe ili ndi malo a kiyi, mabawuti osachita dzimbiri, simenti, mchenga wa kumtsinje, miyala ya kwale, ndi penti yoteteza ku dzimbiri yopaka pomwe mwadula kapena kuwotcherera. Gulani zitsulo zokutidwa ndi zinki, makamaka ngati nyumba ili kufupi ndi nyanja yamchere ngati ku Durban kapena Cape Town, chifukwa mpweya wamchere pamodzi ndi madzi a kolorini zimadya chitsulo wamba msanga kwambiri.

Gawo 1: Dziwani zomwe lamulo likunena

Malamulo a zomangamanga m'dzikoli amachokera mu National Building Regulations and Building Standards Act, lamulo nambala 103 la chaka cha 1977. Ndime D4 ya malamulowo imati mwini malo omwe pali dziwe losambiramo aonetsetse kuti anthu sakufika padziwepo mwachisawawa, ndipo mwini malo yemwe walephera kutero wapalamula mlandu. Njira yokwaniritsira lamuloli inalembedwa mu muyezo wa SANS 10400-D womwe umafalitsidwa ndi bungwe loona za miyezo la SABS, ndipo mfundo zake zikuluzikulu ndi izi. Pakhale khoma kapena mpanda woti munthu wochokera mumsewu, pamalo a anthu onse kapena kwa aneba asathe kufika padziwe popanda kudzera pa geti kapena m'nyumba yomwe ili mbali ya mpandawo. Getilo likhale lodzitseka lokha, lodzikola lokha, komanso lokhala ndi pokhomera. Mpanda ndi geti zisachepere mamita 1.2 kuchokera pansi, ndipo pasakhale mpata uliwonse woti mpira wa mamilimita 100 n'kudutsapo. Mipanda ndi mageti azitsulo ali ndi muyezo wawonso wa kapangidwe, SANS 1390, ndipo ndi bwino kufunsa wogulitsa ngati mapanelo ake amautsatira.

Chenjezo: udindowu uli pa mwini malo, osati pa mmisiri kapena wantchito. Ngati mukuchita lendi, mulembereni mwini nyumba kalata kapena uthenga wa pafoni womwe mungausunge, wofotokoza chomwe chikuperewera pampandapo, m'malo mongomuuza pakamwa.

Gawo 2: Funsani ku khonsolo ndi kwa oyang'anira malo

Khonsolo iliyonse, kaya ndi City of Johannesburg, Tshwane, Ekurhuleni, eThekwini kapena City of Cape Town, ili ndi mphamvu yokhazikitsa malamulo akeake owonjezera pa a dziko lonse, choncho zomwe mnzanu anachita ku Randburg sizingakhale umboni wa zomwe zikufunika ku Bellville. Pitani ku ofesi yoona za mapulani a nyumba ndipo mufunse mkulu yemwe amatchedwa building control officer mafunso atatu: ngati dziwelo lili pa pulani yovomerezeka ya malowo, ngati mpanda womwe mukufuna kumanga ukufunika chilolezo cholembedwa, ndiponso ngati pali lamulo la khonsoloyo lokhudza maneti kapena zovundikira dziwe. Dziwe la pakhomo ndiponso khoma loima palokha losapitirira mamita 1.8 zili m'gulu la ntchito zing'onozing'ono zomwe mkuluyu angathe kuzilola popanda mapulani athunthu, koma chilolezocho amapereka ndi iyeyo, si inu kudzipatsa nokha.

Ngati nyumba ili mu kompulekisi kapena mu esiteti, funsaninso a body corporate, omwe amayang'anira kompulekisiyo, kapena bungwe la eni nyumba, chifukwa nthawi zambiri amakhala ndi malamulo a mtundu ndi maonekedwe a mipanda.

Gawo 3: Sankhani podutsa mpanda

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo ndikupemphani kuti musathamangirepo. Mukawerenga bwino muyezo wa SANS 10400-D muona kuti ukuteteza munthu wochokera kunja kwa malowo. Izi zikutanthauza kuti nyumba yozunguliridwa ndi khoma lalitali, yokhala ndi geti loyenera, ingathe kukhala kuti yakwaniritsa lamulo ngakhale kuti chitseko cha kukhitchini chimatsegukira padziwe penipeni. Komatu mwana yemwe ali pangozi yaikulu si wodutsa mumsewu. Ndi mwana wa m'nyumba momwemo, mdzukulu yemwe wabwera kutchuthi cha Disembala, kapena mwana wa wantchito yemwe amakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu, komwe kawirikawiri kamakhala kufupi ndi dziwe kuposa chipinda cha abwana. Mwana wamng'ono akamamira sakuwa ndipo sathibula madzi monga momwe anthu amaganizira. Amalowa pansi mwakachetechete, ndipo mphindi zochepa zokha popanda mpweya zimaononga ubongo.

Pachifukwa chimenechi, langizo langa ndi lakuti mpanda uzungulire dziwe lenilenilo mbali zonse zinayi, kulilekanitsa ndi nyumba, kanyumba ka kuseri, chingwe choyanikapo zovala ndi malo osewererapo ana. Ngati mbali imodzi mukugwiritsa ntchito khoma la malire, onetsetsani kuti kumbali ya aneba kulibe mulu wa njerwa, khola la galu kapena thanki zomwe zikufupikitsa khomalo. Ngati mbali imodzi ndi khoma la nyumba, mbali imeneyo isakhale ndi chitseko, ndipo mawindo ake akhale ndi zitsulo zotchinga kapena zoletsa kuti asatseguke kupitirira masentimita 10.

Khomani zikhomo m'makona, kokani chingwe, ndipo musiye malo okwanira pakati pa mpanda ndi m'mphepete mwa dziwe, pafupifupi mita imodzi kapena kuposerapo, kuti wokolopa dziwe aziyenda momasuka ndi ndodo yake yaitali komanso kuti pakagwa ngozi pakhale pogoneka munthu yemwe wavuulidwa. Geti liikidwe pamalo pomwe limaoneka kuchokera m'nyumba, ndiponso kumbali yosaya ya dziwe ngati n'kotheka.

Chenjezo: musalowetse m'kati mwa mpanda chinthu chomwe anthu amachifuna tsiku ndi tsiku, monga mpopi wa panja, malo ootchera nyama kapena njira yopita kukanyumba ka kuseri. Geti lomwe anthu amadutsapo kakhumi patsiku limathera pochirikizidwa ndi njerwa.

Gawo 4: Fufuzani zomwe zili pansi musanakumbe

Pakati pa dziwe ndi kanyumba ka pampu pamadutsa mapaipi apulasitiki otenga ndi kubweza madzi, komanso waya wa magetsi wa pampu ndi wa nyali ya m'dziwe. Nthawi zambiri sizikhala zakuya. Tsatirani ndi maso kuchokera pomwe madzi amalowera m'mbali mwa dziwe mpaka pa pampu, lembani mzerewo ndi laimu kapena penti, ndipo pamalo amenewo mukumbe ndi fosholo pang'onopang'ono, osati ndi piki. Zimitsani magetsi a pampu pa bokosi lalikulu musanayambe. Ngati mpanda wachitsulo udutse kufupi ndi pampu kapena mawaya, itanani mmisiri wa magetsi wovomerezeka kuti aone ngati ukufunika kulumikizidwa ku waya wa earth, woteteza anthu kuti asagwidwe ndi magetsi.

Gawo 5: Imikani mizati

Yambani ndi mizati ya m'makona ndi iwiri ya geti, kenako yezani ina motengera kutalika kwa mapanelo anu. Dzenje lililonse likhale lakuya pafupifupi masentimita 60 ndi lotambalala masentimita 30. A mizati ya geti akhale okulirapo chifukwa ndi yomwe imalandira kugwedezeka kwa tsiku lililonse. Sakanizani gawo limodzi la simenti, awiri a mchenga ndi atatu a miyala, thirani m'dzenje, sinjani ndi kamtengo kuti mpweya utuluke, ndipo yezani mzati ndi levulo mbali ziwiri konkire isanagwire. Pomwe pali kale konkire yolimba mungagwiritse ntchito mizati ya mapazi achitsulo yomangidwa ndi mabawuti, koma musamange mzati pa njerwa zoyala zomwe zangokhala pamchenga, chifukwa zimazuka pamodzi ndi mzatiwo. Zichotseni, kumbani, thirani konkire, kenako muzibwezeretse.

Dikirani masiku awiri kapena atatu musanapachike mapanelo ndi geti. Konkire imafika pa mphamvu yake yonse pakatha masiku pafupifupi 28, choncho m'masabata oyambirira musalole ana kulendewera pa geti.

Chenjezo: masiku omwe mpanda usanathe ndi oopsa kwambiri, chifukwa aliyense amakhala akuganiza za ntchito. Ngati mwachotsa mpanda wakale, ikani wongoyembekezera tsiku lomwelo kapena ana akakhale kwina mpaka ntchito itatha.

Gawo 6: Mangani mapanelo ndipo muyeze mpata uliwonse

Yezani kutalika kwa mpanda muli kunja kwake, kumbali yomwe mwana angachokere, kuyambira pomwe phazi lake lingaponde. Ngati kunjako kuli sitepe, kakhoma ka maluwa kapena nthaka yokwera, mamita 1.2 ayambire pamwamba pa chinthucho. Pamalo otsetsereka ikani mapanelo motsika ngati masitepe, ndipo mpata wa makona atatu womwe umatsala pansi pa panelo muutseke ndi konkire kapena njerwa zomangidwa ndi simenti, osati ndi dothi lomwe galu angafukule kapena mvula ya Januwale ingakokolole.

Tsopano tengani kathabwa ka masentimita 10 kaja. Kayeseni mopingasa pakati pa zitsulo zoimirira, moimika pansi pa panelo iliyonse, pakati pa mzati womaliza ndi khoma, ndiponso mbali zonse za geti. Kakalowa, mpatawo ndi waukulu. Amisiri ena amayesa ndi mpira wa tenesi, koma mpirawu ndi wa masentimita osakwana 7, motero umadutsa ngakhale pa mpanda wabwinobwino ndipo sukuuzani kanthu. Ngati mukuwotcherera nokha, siyani mipata ya masentimita 8 kapena 9, chifukwa chitsulo chopyapyala chimapindika mwana akachikankha ndi mapewa. Kokani zitsulo ziwiri zoyandikana ndi manja anu mwamphamvu kenako muyesenso kathabwako.

Zitsulo zopingasa ndi makwerero kwa mwana. Muyezo wa ku Australia wa AS 1926.1, womwe umafotokoza zinthu mwatsatanetsatane kwambiri pankhaniyi, umafuna kuti zitsulo zopingasa zomwe mwana angapondepo zitalikirane masentimita 90 kapena kuposerapo. Limeneli si lamulo la ku South Africa, koma ndi muyezo wanzeru woti muubwereke: chitsulo chimodzi pansi, china pamwamba, pakati popanda chilichonse. Pa mpanda wa matabwa, mitanda yopingasa ikhale kumbali ya dziwe. Waya wa maso akuluakulu wa mtundu wa dayamondi musaugwiritse ntchito, chifukwa kaphazi ka mwana kamakwanira bwinobwino m'maso mwake.

Gawo 7: Pachikani geti

Mipanda yambiri yomwe ndaiona ikulephera ntchito yake inalephera pa geti. Lipachikeni kuti lizitsegukira kunja, kutali ndi dziwe, kuti mwana akalitsamira kapena kulikankha azilitseka m'malo molitsegula. Mangani mahinjesi a sipuling'i motsatira pepala la wopanga, ndipo muwakhwimitse pang'onopang'ono mpaka geti lizibwerera lokha popanda kumenyetsa. Mahinjesi ena ali ndi mutu wotambalala womwe mwana angaupondepo. Sankhani okhala ndi kachipewa kotsetsereka pamwamba.

Loko ikhale pomwe mwana sangafikire. Ku Australia amafuna kuti potsegulira pakhale mamita 1.5 kuchokera pansi, ndipo n'chifukwa chake maloko a maginito monga MagnaLatch ali ndi kamtengo kotalika kupitirira geti, komwe munthu wamkulu amakoka pamwamba pake. Njira ina ndi kuika loko kumbali ya m'kati, masentimita 15 kapena kuposerapo kutsika kuchokera pamwamba pa geti, ndi kutchinga malo ozungulira lokoyo ndi chitsulo chafulati kuti dzanja laling'ono lisapise pakati pa zitsulo n'kuifikira.

Kuyesa geti kuli ndi njira yake. Litseguleni lonse n'kulisiya. Litseguleni theka n'kulisiya. Kenako litseguleni pang'ono chabe, mpata wa zala ziwiri, moti loko yangotsala pang'ono kugwira, n'kulisiya osalikankha. Pa mayeso onse atatu muyenera kumva kulira kwa loko ikamakola. Mayeso achitatuwo ndi omwe mageti ambiri amagwa nawo, ndipo ndi momwe geti limasiyidwira munthu akamatuluka atanyamula ndowa kapena thaulo. Ine ndinaphunzira zimenezi pa geti lomwe ndinapachika ndekha pakhomo lina. Linkatseka bwino ndikalitsegula lonse, ndipo ndinalandira malipiro anga n'kumapita. Patapita masiku ndinabwerera kudzatenga levulo yomwe ndinaiwala, ndipo ndinapeza getilo litangotsamira pa mzati, loko isanakole, chifukwa udzu wa kikuyu unali utakula pansi pake n'kumaligwira pang'ono. Ndinalikankha ndi chala chimodzi n'kutseguka. Kuyambira pamenepo ndimathira kamzere ka konkire pansi pa geti lililonse kuti pasamere kanthu.

Pomaliza, gwirani geti lotseka n'kulikweza m'mwamba, kenako kulikanikizira pansi mwamphamvu. Loko ikamasuka, ndiye kuti mahinjesi ali ndi mpata kapena loko sinalunjike bwino.

Chenjezo: loko ya kiyi ndi yowonjezera chabe. Siilowa m'malo mwa loko yodzikola yokha, chifukwa kiyi amafuna munthu wokumbukira.

Gawo 8: Chotsani zokwerapo

Gwadani pansi kuti maso anu akhale pa msinkhu wa mwana wazaka zitatu, ndipo muyende mozungulira mpanda wonse muli kunja. Chilichonse chomwe chili pamtunda wosakwana masentimita 90 kuchokera pampanda ndipo mwana angachipondepo chichoke: miphika ya maluwa, mabini a zinyalala, mipando yapulasitiki, njinga, nthambi zotsika za mtengo, chivundikiro cha pampu, ngakhale mpopi wotuluka pakhoma. Mipando yopepuka ndi yovuta kwambiri chifukwa mwana amaikoka yekha kuchokera pakhonde, choncho isungidwe motsekeredwa kapena m'kati mwa mpanda kutali ndi zitsulo. Zidole zoyandama zichotsedwe m'madzi mukatha kusambira, chifukwa ndi zomwe zimakopa mwana kuti afune njira yolowera.

Gawo 9: Konzekerani ngozi ndi kuyendera mpanda

Pachikani pampanda chikwangwani chosalowa madzi chokhala ndi adiresi ya nyumbayo, nambala ya 112 yoimbira pa foni ya m'manja, ndi 10177 ya ambulansi. Adiresi ndi yofunika chifukwa wantchito watsopano kapena mlendo akasokonezeka sakumbukira dzina la msewu. Aliyense wosamalira ana pakhomopo aphunzire njira yotsitsimutsira munthu yemwe wasiya kupuma, ya CPR. Mabungwe monga St John ndi South African Red Cross Society amaphunzitsa zimenezi, ndipo ndi chinthu choyenera kupempha abwana kuti akulipirireni. Kamodzi pamwezi bwerezani mayeso atatu a geti, yendani ndi kathabwa kaja, ndipo muone m'munsi mwa mizati ngati dzimbiri layamba.

Zolakwitsa zomwe zimachitika kawirikawiri

Choyamba ndi kuchirikiza geti ndi njerwa kapena ndowa pamene mukukolopa dziwe, kudula udzu kapena kulowetsa paipi yothirira. Ntchito ya mphindi zisanu imatalika foni ikalira, ndipo njerwayo imatsala pomwepo mpaka madzulo. Paipi idutse pansi pa mpanda, osati pa geti.

Chachiwiri ndi kukhulupirira chivundikiro chabuluu cha timatuza chomwe chimayandama pamadzi. Ntchito yake ndi kusunga kutentha ndi kuchepetsa kuuma kwa madzi. Sichinyamula mwana, amagwera pansi pake ndipo sakuoneka. Maneti ndi zovundikira zolimba zachitetezo, zomwe muyezo wa SANS 10134 wa chitetezo cha maiwe a pakhomo umazikamba, zimathandiza pokhapokha zitakokedwa bwino ndi kukoledwa pa ngowe zonse nthawi iliyonse anthu akatuluka m'madzi. Chivundikiro cholimba chomwe chasunga madzi amvula pamwamba chimasanduka kadziwe kena koopsa.

Ena amayeza kutalika kwa mpanda tsiku lomanga lokha, kenako amadzathira dothi la maluwa kapena kuyala njerwa zatsopano kunja kwake, ndipo mpanda wa mamita 1.2 umatsala 1.05 popanda wina kuzindikira. Enanso amadalira mpanda wa maluwa obzala, womwe umaoneka wothithikana pamwamba koma pansi uli ndi njira zomwe galu anaboola kale.

Kuiwala madzi ena a pakhomo ndi vuto linanso. Dziwe lopopa ndi mpweya la ana, dziwe la nsomba, dziwe lakale lomwe linasiya kugwira ntchito koma likusunga madzi amvula obiriwira kumbali yakuya, ngakhale ndowa ya malita 20 yomwe mwaviikamo zovala, zonsezi zingamize mwana wongoyamba kuyenda, chifukwa mutu wake ndi wolemera ndipo akagweramo chamutu sangathe kudzitulutsa. Dziwe lopopa likhuthulidwe ndi kuvundikiridwa chafufumimba mukangomaliza.

Chomaliza chimakhudza amisiri: kupaka mafuta olemera kapena penti pa loko ndi mahinjesi. Penti imatseka kanjira ka loko, ndipo girisi amagwira fumbi mpaka sipuling'i kulephera kubweza geti. Kutani zigawozi ndi tepi musanapente, zipukuteni ndi nsalu youma, ndipo sipuling'i ikafooka musinthe hinji yonse m'malo momangirira labala wa chubu cha njinga pa geti monga ndaonera pamakomo angapo.